Mmene mungapangire filimu ya kuba munthu yoti owonera asadzuke pampando

Tigwirizane kaye chinthu chimodzi tisanapite patali, kubedwa kwa munthuko si kumene kumagwira mtima mu filimu ya mtundu umenewu. Galimoto ya magalasi akuda yaima, anyamata awiri atuluka atabisa nkhope, amunyamula mwana, chitseko phwaa, matayala kwiii, basi zatha. Mphindi ziwiri zakwana. Aliyense amene ali ndi foni ya kamera yabwinoko komanso mnzake wa galimoto atha kujambula zimenezo Loweruka masana. Nkhani yagona pa mphindi 90 zotsalazo, muwasunga bwanji anthu kuti asayambe kusuzumira pa WhatsApp?

Kwa ine filimu ya kuba munthu imatsamira pa amene wagwira foni uja, amene wangouzidwa kumene mtengo. Munthu wina wosadziwika wamuikira mtengo mwana wake, kaya mkazi wake, kaya bambo ake, ndiye iyeyo akuyenera ayankhe pamaso pa abale onse kuti munthuyo ndi wa ndalama zingati. Zina zonsezi, mfuti, kuthamangitsana, ma CID, ndi zongothandizira. Ndiye ngati mukulemba sikiripiti, kapena mwasonkhanitsa anzanu kuti mujambule kenakake koika pa YouTube, yambirani pamenepo.

Wolipirayo akhale ndi chotaya

Chitsanzo chimene sindinachipezere china chochiposa ndi filimu ya ku Japan ya 1963 yotchedwa High and Low, yopangidwa ndi Akira Kurosawa. Ndiulula zambiri za mkatimo, koma filimu ya zaka zoposa 60 musandiimbe mlandu. Toshiro Mifune akusewera ngati Gondo, bwana wa pakampani yopanga nsapato ku Yokohama, nyumba yake ili pamwamba pa phiri kuyang'ana mzinda wonse. Mkuluyu wapinyolitsa chilichonse, nyumba ndi zonse, wasonkhanitsa ma yen 50 miliyoni kuti agule masheya alande kampani kwa anzake amene akufuna kumapanga nsapato zotchipa zosachedwa kutha. Usiku womwewo foni ikulira, tamutenga mwana wanu, tikufuna 30 miliyoni. Gondo sakuganizanso kawiri, ndilipira, kampani ipite. Kenako mwana wake akulowa pabalaza ali bwinobwino. Anawo amasewera panja ndipo anasinthana zovala, wakubayo watenga mwana wa dalaivala.

Apa ndi pamene filimu yayambira. Wakubayo akuimbanso, akuti ndadziwa kuti ndalakwitsa koma ndalama ndi zomwezo, mulipirabe. Ndiye tamuonani Gondo, munthu amene mphindi zisanu zapitazo amati ndalama si kanthu pa moyo wa mwana, pano wayamba kufotokoza zifukwa. Ndipo zifukwa zake ndi zomveka! Akalipira watha, nyumba ipita, kampani imuchotsa ntchito, mkazi wake amene anabadwira mu chuma sadziwa kuti umphawi umakhala bwanji. Dalaivala uja waima pakona, poyamba akuchita manyazi ngakhale kupempha, kenako akugwada mpaka chipumi kugunda pansi. Pafupifupi ola lathunthu filimu ili mu chipinda chimodzi chomwecho, makatani atatsekedwa chifukwa wakubayo akuwaonera patali, apolisi abwera atavala ngati anthu odzasiya katundu. Palibe mfuti yalira olo imodzi koma iwe owonera thukuta lili kamukamu, chifukwa ukudzifunsa wekha kuti ndikanakhala ine ndikanatani.

Chimene mungatengepo ndi ichi. Musamupatse munthu wanu ndalama zosowa nazo chochita, komanso musamusiye wopanda olo tambala. Akakhala mpondamatiki woti 30 miliyoni ndi ya mafuta a galimoto, alipira basi filimu yatha. Akakhala wopandiratu, palibe chisankho, angolira. Mupatseni ndalama zokwana ndendende koma zoti zili kale ndi ntchito ina yaikulu: za opaleshoni ya amayi ake, za fizi ya mwana wina amene wasankhidwa ku yunivesite, za gulu la banki m'khonde zimene iye amangosunga ngati msungichuma, za kuntchito zimene akazigwira ndi ndende. Kenako sokonezani ubalewo pang'ono. Mwana wobedwayo akhale wa wantchito, kapena wa kunja amene mayi a kunyumba samamudziwa, kapena mwana wopeza amene samagwirizana naye. Pamenepo ndiye aliyense m'nyumbamo ali ndi maganizo ake ndipo onse akulondola pang'ono.

Musaganize kuti izi ndi za mu kanema chabe. Mu July 1973 ku Rome anabedwa mnyamata wa zaka 16, John Paul Getty III, mdzukulu wa J. Paul Getty amene panthawiyo anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko lonse. Akubawo anafuna madola 17 miliyoni. Poyamba ena m'banjamo amaganiza kuti mnyamatayo wadzibisa yekha kuti adye ndalama za agogo ake. Agogowo anakana kulipira, ati ali ndi zidzukulu 14 ndiye akangolipira kamodzi zonse zibedwa. Panadutsa miyezi, mpaka mu November khutu la mnyamatayo linafika pa positi ku ofesi ya nyuzipepala ina. Mtengo unatsika kufika pafupifupi madola 3 miliyoni, agogo anapereka 2.2 miliyoni, ndalama imene akanatha kuichotsera pa msonkho, zotsalazo anamubwereketsa mwana wawo, bambo ake a mnyamatayo, pa chiwongoladzanja cha 4 peresenti. Mnyamatayo anamasulidwa mu December. Tandiuzani, mu nkhani imeneyi amene akukuopsani kwambiri ndi ndani, odula khutu aja kapena agogo? Ndi chifukwa chake ndimati muziwononga nthawi yambiri pa balaza la banja kusiyana ndi kuchipinda kwa zigawenga.

Wotchi

Ichi aliyense amachidziwa ndiye sindichedwapo. Pakhale nthawi yomalizira, ndipo owonera aidziwe msanga. Koma ija ya "mwatsala ndi maola 24" yokha inatha mphamvu, aliyense amadziwa kuti wakubayo atha kuwonjezera tsiku chifukwa naye akufuna ndalama. Wotchi yabwino ndi imene ngakhale wakubayo sangaiimitse. Mwanayo ali ndi mphumu ndipo kopopera kake katsala pa tebulo kunyumba. Mayi wobedwayo ali ndi shuga, jakisoni wake ali mu filiji. Lero ndi Lachisanu, banki itseka masana ano, Lolemba ndi holide. Foni imene akubawo amaimbirapo batire yatsala 9 peresenti ndipo magetsi athima. Onetsani kopoperako kamodzi koyambirira, kenako kamera izingokadutsa apo ndi apo osanena kanthu.

Owonera adziwe zimene a mufilimu sakudziwa

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Timaganiza kuti kubisa zonse mpaka kumapeto ndiye ukadaulo, koma kubisa kumangobweretsa kudzidzimuka kwa masekondi ochepa. Katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock anazifotokoza bwino pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut: anthu awiri akucheza patebulo, bomba laphulika mwadzidzidzi, owonera adzidzimuka masekondi 15 basi. Koma mukawaonetsa kaye bombalo lili pansi pa tebulo ndi nthawi imene liphulike, macheza opanda pake omwewo asanduka mphindi 15 za mtima m'mwamba, owonera akufuna kukuwa kuti tulukanimo inu.

Mu filimu ya kuba munthu bomba lanu ndi munthu wa mkati. Pafupifupi nthawi zonse pamakhala wina amene anapereka uthenga, wodziwa kuti mwana amaweruka nthawi yanji, geti imatsegulidwa ndi ndani, bwana analandira liti ndalama za fodya. Musadikire mphindi yomaliza kuti mutiuze kuti anali mlamu. Tiuzeni pa mphindi 30. Timuone akutuluka panja ngati akukasuta, akuchotsa kafoni kena m'sokosi, akutumiza meseji, kenako akubwerera m'nyumba kukagwira achemwali ake paphewa nkumati limbani mtima mlongo, Mulungu alipo. Kuchokera pamenepo siini iliyonse imene iye alimo yatentha, olo angokhala phee akumwa tiyi. Bambo a mwana akanena kuti apolisi akabisala mu galimoto ya buledi, ife maso onse ali pa mlamu.

Koma musatiuze zonse. Tidziwe kuti wa mkati ndi ndani koma tisadziwe chifukwa chake, kapena tidziwe kumene mwana ali koma tisadziwe ngati amene akumulondera uja angathedi kupha. Funso limodzi likatsekeka lina litseguke pompo.

Foni ija

Siini za pafoni ndi zimene zimanyamula filimu yotere, ndipo ndi zotchipa kujambula, ndiye zilembeni mosamala kuposa china chilichonse. Cholakwika chachikulu ndi wakuba wokalipa, wa mawu okhuthala ngati wameza chule, "ndikupha mwana wako hahaha". Ameneyo saopsa, amaseketsa, ku vidiyo sho ana amayamba kumuyeserera filimu isanathe. Woopsa ndi waulemu. Tamvani kusiyana kwake:

"Mwaswera bwanji bwana? Pepani kukuimbirani usiku. Mwana wadya, musadandaule, kungoti nyemba akukana, eti kunyumba samadya nyemba?"

"Ndiwe ndani? Mwana wanga ali kuti?"

"Bwana, makatani a kuchipinda chodyera mwatsekeranji? Masiku onse amakhala otsegula. Muli ndi alendo?"

Mizere itatu yokha koma watiuza kuti mwana ali moyo, kuti akuidziwa nyumbayo, kuti akuiona pompano, komanso kuti wanunkhiza kale za apolisi. Sanaopseze olo kamodzi. Ndipo kamera isakhale pa iye, ikhale pa nkhope za anthu a pabalaza, mayi atagwira pakamwa, wapolisi akuzunguza chala kuti pitirizani kuyankhula.

Chachiwiri, kunenerera. Mu zoona zake mtengo woyamba sukhala womaliza, amene amathandiza mabanja pa nkhani zoterezi amawauza kuti asavomere msanga chifukwa ukavomera pompo akuba amaona ngati anatchula zochepa nkukweza. Ndiye tangoganizani bambo akuuzidwa ndi wapolisi kuti nenani kuti muli ndi theka lokha, iye ndalama zonse ali nazo mu chikwama apo, akuyenera kunenerera ngati ali pa kaunjika ku msika pomwe katunduyo ndi mwana wake, mkazi wake akumumva, ndipo mwina foni ili pa laudi kumbali inayo mwana naye akumva bambo ake akuti "zimenezo zachuluka". Siini imeneyo ikalembedwa bwino simufunikanso kuphulitsa galimoto.

Chachitatu ndi umboni woti munthu ali moyo. Banja lanzeru silitumiza ndalama lisanatsimikize, ndipo mawu ojambulidwa sakwanira chifukwa atha kukhala a dzana. Amafunsa funso loti wobedwa yekhayo ndi amene angayankhe, galu wathu woyamba dzina lake anali ndani, agogo amakutchula dzina lanji ukapita kumudzi. Apa pali mwayi waukulu kwa wolemba. Yankho litha kuchedwa usiku wonse. Litha kubwera lolakwika, ndiye banja lisokonezeke, kodi wafa kapena walakwitsa dala kuti atiuze kenakake? Kapena bambo apezeke kuti alibe funso olo limodzi loti afunse chifukwa mwana wawo samudziwa, amene akupereka funso ndi wantchito wa m'nyumba.

Ndalama zimalemera

Mafilimu ambiri amaonetsa kachikwama kakang'ono ati muli 100 miliyoni, munthu akuthamanga nako ndi dzanja limodzi. Werengani masamu. Ngati nkhani yanu ikuchitikira kuno kwathu ndipo dipo ndi K50 miliyoni, olo mutagwiritsa ma K5,000 okhaokha aja anatuluka mu 2022, ndi mapepala 10,000, mitolo 100 ya mapepala handiredi handiredi. Akakhala ma K2,000 ndiye 25,000. Chimenecho ndi chikwama chenicheni, chooneka, choti pa rodibuloko wapolisi afunsa kuti muli chani umu. Vuto limeneli musalithawe, ndi mphatso. Ku banki afunsa mafunso, manijala akufuna siginecha ya anthu awiri ndipo winayo ndi mlamu uja.

Wina anena kuti bwanji osangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Owonera anu afunsa funso lomwelo, ndiye muliyankhe mu filimu momwemo. Pali malire a ndalama zimene ungatumize, ajenti wa pa kona sangakhale ndi mamiliyoni mu kabokosi kake, komanso kuyambira 2018 simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso. Wakuba wochenjera agwiritsa simu ya dzina la munthu wina, ndiye apolisi akafika pakhomo pa gogo wina wosalakwa amene anataya chitupa chake chaka chatha, mwapeza siini ina yaulere.

Ndalamazo zimasiyanso mapazi. Mu March 1932 ku New Jersey, ku America, anabedwa mwana wa Charles Lindbergh, woyendetsa ndege wotchuka uja, mwana wa miyezi 20. Dipo la madola 50,000 linaperekedwa usiku kumanda ena ku Bronx, mu mzinda wa New York, koma manambala a ndalamazo anali atalembedwa, ndipo zambiri zinali za mtundu wina umene boma linali pafupi kuuchotsa pamsika. Mwanayo anapezeka atafa mu May chaka chomwecho. Panadutsa zaka ziwiri ndi theka, mu September 1934 munthu wina anagula mafuta pa filing'i sitesheni ndi pepala la madola 10 la mtundu uja, wogulitsayo anakayikira nkulemba nambala ya galimoto m'mphepete mwa ndalamayo. Ndi mmene anamugwirira Bruno Richard Hauptmann, amene anaphedwa pa mpando wa magetsi mu 1936. Si shasha wa polisi amene anaswa nkhaniyo, ndi munthu wothira mafuta ndi pensulo yake. Tinthu ting'onoting'ono chonchi ndi timene owonera amakhulupirira.

Kukasiya ndalama

Iyi ndi siini imene aliyense akuidikirira, ndi malo okhawo amene wakuba akuyenera kutulukira poyera, ndiye ndi pamene nzeru zake zioneke. Ndibwerere kwa Kurosawa. Wakubayo analamula kuti ndalama ziikidwe mu zikwama ziwiri zosapitirira masentimita 7 kunenepa kwake, osanena chifukwa, ndipo Gondo akwere sitima yothamanga yotchedwa Kodama. Apolisi akwera nawo, akuganiza kuti wakubayo ali mu sitima momwemo. Foni ikulira mu sitimamo: mwana mumuona ataima pafupi ndi mlatho, mukawoloka ponyani zikwama pa windo la kuchipinda chosambira m'manja. Mawindo ena onse satseguka, limenelo lokha ndi limene limatseguka, masentimita 7 ndendende. Sitima siima mpaka sitesheni ina kutali. Apolisi onse ali mkati, akungoonerera pagalasi munthu akutola ndalama.

Chimene chikupangitsa siini imeneyi kukoma ndi choti lamulo lija la masentimita 7 tinalimva kale ndipo sitinalimvetse, ndiye likamveka timamenya pa ntchafu. Chitani chomwecho. Wakuba apereke malamulo awiri atatu ooneka opanda mutu, valani malaya oyera, musabwere pa galimoto koma pa kabaza, ndalama muike mu thumba la ufa, kenako lililonse lidzaoneke ntchito yake pa nthawi yake. Ndipo plani ya apolisi tiuzeni yonse isanayambe, ndani aima pati, chizindikiro ndi chani, chifukwa sitingaope kuti zinthu zikusokonekera ngati sitikudziwa mmene zimayenera kuyendera. Malo ake asakhale nyumba yosiyidwa ya mu mafilimu onse ija. Depoti ya minibasi nthawi ya 5 koloko madzulo, anthu pikitipikiti, oitanira akukuwa, aliyense wanyamula thumba lofanana ndi lanulo, ndi yoopsa kuposa bwinja lopanda anthu.

Kachinthu kena ka mu filimu yomweyo kamene ndimakakonda. Apolisi akufuna kubisa mu zikwamazo mankhwala oti zikadzawotchedwa zidzatulutse utsi wa mtundu wachilendo. Gondo akuitanitsa bokosi la zipangizo zake zakale za usapato, akukhala pansi, bwana mzimayo, nkuyamba kusoka yekha. Palibe amene wanena kuti munthuyu wabwerera kumene anayambira, manja ake ndi amene akunena. Ndipo utsi uja ukadzatuluka pa chumuni patsogolo pake, ndi wa pinki, chinthu chokhacho cha mtundu mu filimu yonse ya blaki eni waiti.

Wakubayo ndi wobedwayo

Wakuba wanu akhale ndi chifukwa chimene owonera angachimvetse olo asagwirizane nacho. Wa Kurosawa ndi mnyamata wophunzira udokotala, amakhala mu kachipinda kotentha kumunsi kwa phiri, tsiku ndi tsiku akatsegula windo amaona nyumba ya Gondo pamwamba, mpaka anayamba kudana ndi munthu amene sanayankhulanepo naye. Aliyense amene anakhalapo ku Ndirande kapena ku Mtandire nkumaona mipanda ya ku Nyambadwe kapena Area 47 safunika kumufotokozera zambiri. Koma chenjerani, kumumvetsa sikutanthauza kumuyeretsa. Mnyamata yemweyo anapha anzake amene anamuthandiza. Akhale munthu, koma tisaiwale kuti atha kuchita choipa nthawi iliyonse.

Akakhala gulu ndi bwino kwambiri, chifukwa gulu limang'aluka. Mmodzi ndi mwini plani, wina anangobwerekedwa kuti ayendetse galimoto ndipo anauzidwa kuti ndi za tsiku limodzi, wachitatu ndi wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lachitatu ndiwo zatha, mayunitsi atha, mwana wayamba kutentha thupi, woyendetsa galimoto uja wapita ku famase kukagula panado ndi ndalama zake. Apa wotchi ina yayamba kuyenda.

Wobedwayo asakhale thumba la chimanga longomangidwa pakona. Mupatseni chochita. Aziwerenga mabampu a pamsewu ali womangidwa kumaso, azimvetsera kuti chigayo chimayamba kulira nthawi yanji, mzikiti uli mbali iti, sitima imadutsa kangati. Aziphunzira kuti mwa omulonderawo wofewa ndi uti. Za wobedwa kuyamba kugwirizana ndi omugwira zija zinatchuka kuchokera ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu August 1973, pamene ogwira ntchito mu banki anayi anasungidwa masiku 6 ndipo potuluka amaoneka kuti akuopa apolisi kuposa akubawo. Mukazigwiritsa ntchito musazisandutse chikondi cha mu nyimbo, ndi nzeru za munthu amene akufuna kuti mawa limupeze ali moyo, ndipo owonera asatsimikize ngati akunamizira kapena ayi.

Pano ndiikepo mawu amodzi. Kwathu kuno tikamva za kubedwa kwa munthu ambiri timakumbukira abale athu achialubino, ndipo kumeneko kulibe foni ya dipo, kulibe kunenerera. Imeneyo ndi nkhani ina, ya mabanja enieni amene akulirabe. Ngati mukufuna kuijambula khalani nawo pansi eni akewo kaye, musaitenge ngati zokometsera filimu ya akishoni.

Apolisi, mawu ndi zina zing'onozing'ono

Apolisi anu asakhale zitsiru komanso asakhale amatsenga. Theka lachiwiri la High and Low ndi ntchito ya polisi yeniyeni, chipinda chodzaza ma CID akupukuta thukuta, aliyense akuimirira kupereka lipoti la kachidutswa kake: mafoni a m'misewu amene munthu angaonerepo nyumba ija, penti ya galimoto, chithunzi chimene mwana uja anajambula cha nyanja ndi phiri la Fuji, kaphokoso ka sitima ya magetsi kamene kanamveka kumbuyo pa tepi ya foni. Zimakoma chifukwa tikusonkhanitsa nawo limodzi. Komanso kumbukirani kuti wapolisi ndi kholo safuna chinthu chimodzi, kholo likufuna mwana, wapolisi akufuna mwana ndi wakuba yemwe. Kusiyana kumeneko kukhale mkangano weniweni pa nthawi yoipitsitsa.

Za mawu, chonde, ngati bajeti ndi yochepa gulani maikolofoni musanagule china chilichonse. Chithunzi chosaoneka bwino anthu amapirira, koma mawu a mphepo ndi eko amatseka pa mphindi yachitatu. Nyimbo zoopsa zija musaziike paliponse, zikalira kuyambira poyamba mpaka pomaliza khutu limazolowera. Pamene banja likudikirira foni zimitsani zonse, timve filiji, timve galu wa aneba, timve supuni mu kapu. Foni ikalira pamenepo aliyense adumpha, kenako apeze kuti ndi azakhali a ku Mzimba akufunsa ngati pali nkhani.

Chiwawa chichepe pa sikirini. Envulopu yosatsegula ili patebulo, anthu anayi akuiyang'ana palibe akufuna kuigwira, imaposa magazi a tomato sosi.

Mathero asabweze zonse mwakale. Mwana atha kubwerera, koma wina wataya kenakake kosabwezeka. Gondo mwana wa dalaivala anamuwombola koma nyumba inapita, katundu anaikidwa mitengo ya okushoni iye ali pompo, anakayambiranso pa kakampani kakang'ono. Mu filimu yanu mwina mkazi wamva mwamuna wake akuzengereza ndipo sadzaiwala, mwina mwana anamva bambo ake akunenerera. Ndipo ngati mukufuna kutidabwitsa kumapeto, chodabwitsacho chikhale choti tikabwereza filimu tipeza kuti zizindikiro zinalipo kuyambira pachiyambi, osati mapasa amene sitinawamvepo kapena zoti anali maloto.

Mukamaliza kudula ndi kulumikiza filimu yanu, musaonetse anzanu amene munajambula nawo, amenewo aombera m'manja chilichonse. Itanani anthu asanu osadziwa nkhaniyo, muwasiyire mafoni awo m'manja, inu mukhale kumbuyo ndi kope muzilemba mphindi imene aliyense wayang'ana pa foni. Pa mphindi 30 imitsani filimu muwafunse mafunso awiri, kodi bamboyu alipira, nanga inu mukanalipira? Akayankha onse mofanana mosaganiza, bwererani ku sikiripiti mukawonjezere chimene bamboyo ataye. Malo amene anthu atatu kapena kuposa anagwira foni, dulani siini imeneyo olo ikhale imene munavutika nayo kwambiri pojambula.